Mimba ya Msilikari

Nthawi iri yonse pamene Boma lilengeza kuti lifuna anyamata ndi atsikana olowa usilikari, ife alembi a m'maofesi timazindikira msanga, pakuti khonde limadzala ndi ana otsiriza sukulu, yense atafumbata mapepala ace. Ena amadzera citupa, ena cidindo pa makalata ao a mayeso. Tsiku lina mnyamata wina wa kwathu kwa Zingalume, atatha zimene anadzera, sanacoke. Anaima pambali kulindira kuti anthu acepe, ndipo titatsala awiri anasendera pafupi nati, "Pepani akulu, ndifunseko. Kodi munthu wa cilungulira amamlola usilikari? Kapena ndikangokhala cete pamaso pa dotolo?"

Ine sindine dotolo, ndine mlembi cabe. Koma funso limeneli silinali lacilendo m'makutu mwanga, cifukwa linafunsidwapo kale m'nyumba imene anabadwira agogo anga, m'caka ca 1941, ndipo yankho limene linapezeka usiku umenewo mbumba yathu ikali kulikumbukira. Cotero ndaganiza kulemba pano zimene ndinamva kwa akulu, pamodzi ndi zimene ndawerenga m'mabuku a mbiri, kuti inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu mudziwe kumene unacokera mwambo uwu wobvula munthu malaya ndi kumpima asanampatse mfuti.

Tiyambe ndi nkhondo yoyamba ya Ajeremani, ya 1914 kufikira 1918, imene abale athu a ku Nyasaland anaicha nkhondo ya ciwaya cifukwa ca mfuti ija yolira mosalekeza. M'nkhondo imeneyo anthu athu ambiri sanagwire mfuti. Nchito yao inali ya mtengatenga, kusenza ufa, zipolopolo ndi mahema kumka kumpoto, ku malire a dziko limene lero ticha Tanzania, kumene kunalibe njanje kapena miseu yoyenera magalimoto. Poyamba kupima kwace kunali kwa maso cabe. Amesenjala ankafika pamudzi nawerenga amuna, ndipo munthu akakhala ndi miyendo iwiri ndi mutu wosenzera, ndiye kuti wakhoza. Amtengatenga amene anafa ku mbali ya Angerezi m'maiko onse a kum'mawa kwa Afrika anaposa 90,000, ndipo ambiri a iwo sanaone ngakhale nkhope ya Mjeremani. Cimene cinawatha ndico kamwazi, malungo, cibayo ndi njala.

Tsono amai a kwathu adziwa bwino kuti cimanga sicidyedwa mwaphuma. Amayamba akonola, nabviika mphale m'madzi masiku angapo, nasinja, nayanika, ndipo pophika nsima amaleka phala libwadamuke kufikira fungo la ufa litatha. Koma mtengatenga ankalandira mgaiwa wopera ndi makina, wa misere, ndipo ankafika pogona dzuwa litalowa, ali wotopa, nkhuni ziri zonyowa, mphika umodzi anthu khumi. Ankangofunditsa madzi, nathira ufa, nadya zosapsa, namwera madzi a m'zithaphwi momwe anzace odwala anapitamo kale. Anthu ozolowera nthoci kapena mawere anapatsidwa cimanga, ozolowera cimanga anapatsidwa mpunga. Posacedwa mimba inayamba kupota, ndipo munthu wotsegula m'mimba sangathe kuyenda tsiku lonse ndi katundu wa mapaundi 50 kapena 60 pamutu.

Pamene mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 November 1918, akulu a nkhondo a Angerezi anali ataphunzira kanthu kowawa, kuti mimba ingathe kumwaza gulu la nkhondo koposa ciwaya. Anaphunziranso kuti anthu a m'midzi sanali olimba monga iwo ankaganizira. Ku Kenya, m'boma limodzi lokha, mwa amuna pafupifupi 17,000 amene anaitanidwa ku mtengatenga mu 1917, madotolo anabweza pomwepo pafupifupi 11,000. Ciwerengero cimeneci cinasindikizidwa mu 1931 ndi John Boyd Orr ndi John Gilks, amene anafufuza za zakudya za Akikuyu ndi Amasai. M'dziko lathu lino Audrey Richards analemba buku la zakudya za Abemba, ndipo linatuluka mu 1939, caka comweco cimene nkhondo yaciwiri inayamba. Motero pofika nthawi ya Hitler dotolo anali atapeza mpando wace pambali pa wolemba usilikari.

Gulu la asilikari a dziko lino, lochedwa Northern Rhodesia Regiment, linapatulidwa ku apolisi mu 1933. Nkhondo isanayambe linali laling'ono, koma m'kati mwa nkhondo linakula kufikira mabataliyoni 8, ndipo anthu akuda a dziko lino amene anabvala khaki anali ngati 15,000. Bataliyoni yoyamba inakomana ndi Ataliana pa Tug Argan, ku Somaliland, mu August 1940, nilimbana nao masiku angapo isanabwerere ku nyanja cifukwa ca kuculuka kwa adani. Maina a malo a nkhondo imeneyo akali pakati pathu cinkana ambiri sadziwa ciyambi cace. Tug Argan ndi Kalewa ndi misasa ya asilikari ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, Arakan ku Lusaka, ndipo msasa wa ku Chipata, umene mnyamata uja ankaulota, uchedwa Gondar, dzina la mzinda wa ku Ethiopia kumene Ataliana anagonja komariza mu November 1941.

Masiku amenewo dziko la kuno kum'mawa linali lopanikizika. Kampani ya North Charterland inali ndi dziko lalikulu zedi, ndipo Acewa ndi Angoni anali atasunthidwira m'malo ocepa amene Boma linawapatulira. Minda inaguga, popeza panalibe posinthira, ndipo amuna ankamka ku minda ya fodya pafupi ndi Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, kapena ku Halale, kukafuna ndalama ya msonkho. Boma linagula dziko la kampaniyo mu 1941, koma kusamutsa anthu kunatenga zaka. Mnyamata wa kwa Zingalume, kwa Mlolo kapena kwa Mwangala akamva kuti msilikari sakhoma msonkho, adya nyama, abvala nsapato ndipo alandira ndalama mwezi ndi mwezi, sitingadabwe kuti mtima unagunda. Nyuzi ya Boma yochedwa Mutende inkasimba zimenezi m'Cinyanja, ndipo amene anadziwa kuwerenga ankawerengera anzao pabwalo.

Pa pepala panalibe cikakamizo, munthu ankalowa usilikari mwa kufuna kwace. Koma mafumu anauzidwa kuti aonetse kukhulupirika kwao kwa Mfumu George, ndipo kukhulupirika kumeneko kunkawerengedwa ndi mitu ya anyamata. Mau akacoka ku Boma ali pempho, ankafika pamudzi ali lamulo. Ife a kwa Zingalume tiri pafupi ndi malire a Apwitikizi, amene sanalowe nao m'nkhondo, ndipo akulu amasimba kuti olemba usilikari akamveka, anyamata ena ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi maliro a atsibweni ao kutsidya. Ena, amene sanathe kuthawa, ankayesa kunyenga dotolo: wina kudya sopo kuti atsegule m'mimba, wina kupaka tsabola m'maso, wina kudziyesa gonthi kufikira kapitao atagwetsa ndalama kumbuyo kwace. Nkhani zimenezi amazisimba moseka, koma zinali ndi cotsatira cace coipa, cifukwa madotolo anazolowera kukayika munthu ali yense wodandaula za nthenda yosaoneka ndi maso.

Agogo anga akazi, amai ao a amai anga, anali ndi alongo awiri. Akulu amati m'mimba ndi m'cipala, ndipo pa anyamata awiriwa mau amenewa anakwanira. Wamkulu anali wofatsa, wocepa thupi, wosakonda kuyankhula. Anagwirapo nchito ya fodya zaka zitatu, nabwerako ndi bulangete, nsapato ndi cilungulira. Njala ikamgwira, pacifu pankaocha ngati wameza khala la moto, ndipo pakati pa usiku ankadzuka kufunafuna mkute. Akadya, ululu unkaleka kwa kanthawi. Wamng'ono anali cimphona, katswiri pa khasu ndi pa gule, ndipo mikono yace ndiyo inkadyetsa nyumba yonse, popeza atate ao anali atamwalira.

Mfumu ya pamudzi itabwera kucokera ku msonkhano inati nyumba imeneyo, pokhala ndi amuna awiri, ipereke mmodzi. Usiku amai ao anaitana ana ao m'nyumba, nati kwa wamkuluyo, "Iwe mwana wanga ndiwe wodwala. Pita ukaonekere, ukauze dotolo za mimba yakoyo, akakubweza, ndipo mlandu udzakhala watha." Koma iye anayankha nati, "Iai amai. Akandibweza ine, adzabwera kudzatenga mphwangayu. Nanga munda adzalima ndani? Ine khasu limandikanika kale. Kuli bwino ndipite ndine, ndipo za mimba sindikachula." Anakangana kufikira tambala woyamba, ndipo potsiriza amai anangoti cete. Agogo anga, amene panthawiyo anali mtsikana wa zaka ngati 12, ndiwo anatumidwa m'mamawa kukacheza cidulo ca zitsononkho, conga cija cophikira therere, nacithira m'kabotolo kuti mlongo wao akamweko asanalowe kwa dotolo, nkhope yace ingaonetse ululu. Nzeru imeneyi sinali yopusa ai, pakuti cidulo cimaziziritsa madzi owawasa a m'cifu monga icitira soda.

Mng'ono wace anamperekeza atasenza kamba. Pa msasa wa olemba usilikari anapeza anthu mazana, dotolo mmodzi. Amuna anabvulidwa malisece naimikidwa pamzere. Anawayesa msinkhu ndi cifuwa, nawakweza pa sikelo. Dotolo anayang'ana maso, mano ndi mapazi, nafunafuna pakhungu mawanga a khate, nasinika pansi pa nthiti za kumanzere kuti amve ngati kapamba watupa ndi malungo. Anawadumphitsa ndi mwendo umodzi, nawauza kuti atsokomole iye atagwira m'mphecepece. Wamkulu uja anadikira funso la mimba mtima uli m'mwamba, bodza lace ali nalo kale pamlomo, koma funsolo silinabwere. Womasulira anangoti, "Uli bwino?" iye nati, "Inde," ndipo mlembi analemba cilembo ca A, cimene m'malamulo a Angerezi cinatanthauza munthu woyenera kumka kutsogolo kwa nkhondo.

Potuluka anadabwa kuona mng'ono wace ali malisece pa mzere wina. Mnyamatayo ataona zipewa, malamba ndi malipenga anaiwala munda, naiwala amai ace, nadzilembetsa yekha. Anthu onse anati uyu ndiye msilikari weniweni. Koma pamene anatsokomola, dotolo anamva kanthu kakutumpha pansi pa dzanja lace, ndiko kutsika kwa matumbo kumene kumagwira anthu onyamula zolemera, ndipo anamkankhira kumbali. Cimphona cinabwerera kumudzi ndi manyazi, atsikana nacinyodola pamtondo mwezi wathunthu, ndipo wodwala uja anakwera galimoto la ku Lusaka.

Kodi dotoloyo analakwa? Ine ndalingalira nthawi zambiri, ndipo sindimpeza ndi mlandu waukulu. Iye ankafuna zimene diso lingaone ndi dzanja lingakhudze. Cilonda ca m'cifu siciyenda poyera. Masiku amenewo, kuti acione, munthu ankamwetsedwa phala loyera la barium najambulidwa ndi makina a X-ray, ndipo makina otero sakadapezeka m'hema. Ndiponso madotolo ambiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti zilonda za m'mimba ndi nthenda ya Azungu a m'mizinda, odera nkhawa za ndalama ndi nchito, ndi kuti munthu wakuda wa kumudzi sangakhale nazo. Pambuyo pace anadzazindikira kuti analakwa. Cotero ngakhale nzeru ya amai ija mwina ikadalephera: mnyamatayo akadachula za cilungulira, akadamuyesa mmodzi wa odya sopo aja.

Codabwitsa ndi cakuti miyezi yoyamba ya usilikari inamciritsa. Anammwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wace anadya pa nthawi yace tsiku ndi tsiku, nsima ya nyama, nyemba, mcere wokwanira ndi tiyi wa shuga. Izi sizinacitike kwa iye yekha, pakuti olemba mbiri ya nkhondo imeneyo amanena kuti anyamata ambiri a ku Afrika ananenepa ndi kulimba atalowa usilikari, ndipo zimenezi ziulula umo inaliri njala ya m'midzi. M'kalata imene mnzace wodziwa kulemba anamlembera anauza amai ace kuti malaya ayamba kumthina, ndi kuti botolo la cidulo analitaya.

Pa nthawi yomweyo nthenda imene ankati si ya anthu akuda inali kusautsa Angerezi kwao. Sir Henry Tidy, dotolo wamkulu wa asilikari ao, anawerenga kuti pa nkhondo yoyamba, kufikira kutha kwa 1915, asilikari ocotsedwa nchito cifukwa ca zilonda za m'mimba anali 709, koma pa nkhondo yaciwiri, kufikira kutha kwa 1941, anali 23,574. Madotolo ena awiri, Payne ndi Newman, anafufuza mu 1940 asilikari odwala m'mimba amene anabwezedwa kucokera ku France, napeza kuti ambiri a iwo anali ndi nthendayo asanalowe usilikari. Kwao akazi ao ankawaphikira zofewa, ndipo nthenda inkagona. Cakudya ca m'misasa ndico cinaidzutsa. Tiona tsono kuti mlongo wa agogo anga sanali yekha pobisa mimba yace. Angerezi anagamula kuti munthu wa cilonda cotsimikizika angomcotsa, popeza gulu la nkhondo silingayende ndi mphika wapadera wa munthu mmodzi.

Ajeremani anacita mwina. Amuna atawathera, anasonkhanitsa odwala m'mimba onse m'magulu aoao, kuti aziwaphikira pamodzi cakudya cofewa. Mu 1944 anapanga gulu lalikulu la anthu otere, la nambala 70, ndipo anzao analicha gulu la buledi woyera cifukwa ca buledi amene ankalandira m'malo mwa wakuda uja wa asilikari ena. Analiika pa cisumbu ca Walcheren, ku Netherlands, kuti lichinge njira ya zombo zomka ku Antwerp, ndipo linagonja mu November 1944. Pamenepa tiona kuti lamulo la dotolo limatsata kusowa kwa anthu. Pamene amuna ali ambiri khomo limacepa, ndipo pamene atha khomo limakula kufikira odwala omwe alowa.

M'mwezi womwewo wa November 1944 mnyamata wa kwa Zingalume anali m'cigwa ca Kabaw, ku Burma. Bataliyoni yoyamba ya dziko lino inali m'gulu lalikulu la 11 la asilikari a kum'mawa kwa Afrika, pamodzi ndi a Keyala a ku Nyasaland, Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Anasonkhana ku Ceylon mu 1943, nalowa m'cigwaco mu August 1944, pakati pa mvula yamphamvu imene magulu ena ankaiopa, kupitikitsa Ajapani kumka ku mtsinje wa Chindwin. Cigwa cimeneco cinachuka ndi matenda: malungo, kamwazi, ndi nthenda ina ya typhus yobwera ndi tizirombo ta m'udzu. General Slim, mkulu wa nkhondo yonse ya kumeneko, anawerenga kuti mu 1943 pa msilikari mmodzi wocotsedwa kutsogolo cifukwa ca mabala panali 120 ocotsedwa cifukwa ca matenda. Cifukwa cace analamula kuti munthu ali yense amwe piritsi la mepacrine tsiku ndi tsiku, mankhwala a malungo owawa amene ankasandutsa khungu cikasu ndi kubvuta m'mimba mwa ena.

Miseu inasanduka matope, ndipo cakudya cinkaponyedwa ndi ndege. Mitambo ikatseka, ndege sizinkabwera. Monga anasimbira iye mwini atabwerako, ankadya mpunga, nyama ya m'zitini ndi mabisiketi ouma, tsiku lina kamodzi, tsiku lina osadya konse, koma piritsi lija losalephera, sajeni ataimirira pomwepo. Moto uja wa pacifu unabweranso. Anayesa kucheza cidulo ndi phulusa la nsungwi m'citini, anzace namseka kuti waphika therere lopanda therere. Anapirira milungu yambiri, cifukwa wodandaula za m'mimba pakati pa anthu obvulala ndi zipolopolo ankaoneka ngati wamantha. Anzace analowa m'Kalewa kumayambiriro kwa December 1944, koma iye sanaone mtsinje wa Chindwin. Masiku ocepa asanafike anasanza magazi akuda, nagwa, ndipo anamnyamula kubwerera m'mbuyo kufikira ku cipatala cina ca ku India.

Kumeneko ndiko anamwa phala loyera lija, ndipo cilonda cinaoneka. Dotolo anamfunsa mwaulemu kuti nthendayo inayamba liti, ndipo iye, poona kuti panalibenso cobisira, ananena zoona, kuti inayamba ku minda ya fodya nkhondo isanayambe. Mau amenewa analembedwa. Cilembo cace cinatsitsidwa kucoka pa A kufika pa C, nampatsa nchito yolonda nyumba ya katundu, kumene anatha kudya phala ndi mkaka. Cimeneci ndico cifundo cokha cimene mimba yace inalandira m'zaka zisanu za usilikari.

Anafika kumudzi mu 1946 ndi mendulo, jasi lalikulu ndi ndalama zocepa. Mapepala a Boma la Angerezi amene anaululika mu 2019 aonetsa kuti mphatso ya kutha kwa nkhondo inagawidwa potsata khungu: msilikari wamba wa Cizungu analandira 10s. pa mwezi uli wonse umene anatumikira, koma wakuda 3s. 6d. cabe. Pamene iye anakafunsa ngati pangakhale kanthu kena cifukwa ca nthenda yace, anamuwerengera mau ace omwe a ku India, nati nthendayo si ya nkhondo, anabwera nayo yekha. Agogo anga ankati pofotokoza zimenezi mlongo waoyo ankaseka pang'ono, nati polowa anamlemba wamoyo cifukwa ca bodza, ndipo potuluka anammana ndalama cifukwa ca coonadi.

Anakhala zaka zina 13. Anakwatira, nabala ana, naphunzitsa anyamata kuguba ndi kuimba malipenga a zikho. Pamudzi ena ankati anamdyetsa mankhwala ku minda ya fodya, ena ankati ndi mizimu ya anthu amene anawapha ku nkhondo, ndipo anatemedwa mphini pamimba ponse. Zipatala zinali kutali. Ku Nsadzu amishoni a Dutch ankasamala makamaka akhate, ndipo cipatala ca St Francis ku Katete cinangoyamba mu 1948. Akapeza ndalama ankagula soda ku sitolo. Tsiku lina m'dzinja la 1959, ali kupalira, anapfuula nagwira pamimba, ndipo pofika madzulo mimba inali itauma ngati thabwa. Cilonda cinali citaboola. Mng'ono wace uja, amene tsopano anali mwini mbumba, anamanga macila pamodzi ndi amuna atatu, nayenda usiku wonse, koma anatula katundu wao m'njira kusanace.

Cimene cimandiwawa ine ndi ici, kuti onse analakwa za ciyambi ca nthendayo, asing'anga ndi madotolo omwe. Madotolo ankati icokera ku nkhawa ndi kuculuka kwa madzi owawasa a m'cifu, ndipo mankhwala ao anali mkaka, soda, kupumula, ndipo zikakanika, mpeni. Koma mu 1982 ku Perth, m'dziko la Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall anapeza kacirombo kopotana, kosaoneka ndi maso, kokhala m'cifu, kamene lero kachedwa Helicobacter pylori. Anzao sanawakhulupirire, kotero kuti mu 1984 Marshall anamwa dala madzi a tizirombo timeneti, nadwala, kuti aonetse poyera. Mu 2005 awiriwa analandira mphotho ya Nobel. Tsopano cidziwika kuti zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kacirombo kameneka, kamene munthu amakatenga kawirikawiri akali mwana, makamaka kumene anthu akhala mothithikana ndi kumene madzi sali abwino, ndipo m'maiko athu ano anthu ambiri ali nako. Zilonda zina zimayamba ndi mankhwala opha ululu monga aspirin ndi brufen akamwedwa kawirikawiri. Nthenda imene inacotsa Angerezi 23,574 m'nkhondo, nipha mlongo wa agogo anga pa macila, lero imatha ndi mapiritsi a mlungu umodzi kapena iwiri.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, gulu lija linasanduka asilikari a Zambia, koma mimba sinaleke kulowerera m'nkhani zao. Makolo anu ena akumbukira kuti kuyambira 1975 onse otsiriza Form 5 ankamka ku Zambia National Service mokakamizidwa, ndipo lamulo limenelo linalekeka ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nthenda ya typhoid itabuka m'misasa ina nipha ana a sukulu. Typhoid nayonso ilowera pakamwa, m'madzi ndi m'cakudya, monga kamwazi wa amtengatenga. M'maiko ena, monga ku America, malamulo amachula matenda oletsa munthu kulowa usilikari, koma amasiya mpata wakuti madotolo aone mapepala a wodwalayo, ndipo akatsimikiza kuti anacira angathe kumpatsa cilolezo capadera. Mpata wotero umathandiza munthu amene ali ndi mapepala, ndipo mapepala amakhala ndi munthu amene anapita ku cipatala.

Zimenezi ndizo ndinauza mnyamata uja, cinkana mwacidule, popeza panali pa nchito. Ndinati wogamula ndi dotolo wa asilikari, osati mlembi, koma kudzimbidwa kwa tsiku limodzi ndi cilungulira ca miyezi yambiri ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndinamfunsa ngati ululu umamdzutsa usiku, ngati umaleka akadya, ngati anaonapo cimbudzi cakuda ngati phula kapena kusanza magazi, ndiponso ngati akuonda. Pa mafunso awiri oyamba anabvomera, pa enawo anakana. Ndinamuuza kuti apite ku cipatala tsiku lomwelo akapemphe kupimidwa, asalindire tsiku la mzere, ndi kuti khadi limene akalandire alisunge monga asungira kalata yace ya mayeso. Anandiyang'ana mokayika nati, "Nanga khadilo silidzandipereka, akulu?" Pamenepo ndinamsimbira za kabotolo ka cidulo.

Mendulo zija ziri m'kacitini kwa amai anga, pamodzi ndi kabuku ka kutuluka usilikari kamene njenjete zadya m'mphepete. Mng'ono uja, wobwezedwa ndi dotolo, anakhala ndi moyo kufikira 1999, ndipo ine ndimkumbukira ali nkhalamba yoyenda ndi ndodo, yosalola mwana ali yense kukhudza kacitiniko. Ndiye analera ana a mkulu wace.

Mnyamata wa kwathu anabweranso patapita milungu itatu kudzadinditsa pepala lina limene anaiwala. Anatulutsa khadi la ku cipatala nalitambasula pa tebulo langa osanena kanthu, ndipo m'thumba la malaya ace munali mapiritsi otsala a masiku awiri. Ndinadinda pepala lace, iye nathokoza, natuluka msanga kuti galimoto la ku Chipata lingamsiye.